Bowo la pa Dashibodi ya a Mageji

Wina akadzakuuzani kuti munthu akhoza kusunga galimoto yabwinobwino zaka ndi zaka osaitulutsa pageti chifukwa cha bowo limodzi la pa dashibodi, musadzamutsutse. Ife tinali naye munthu woteroyo mumsewu mwathu muno, ndipo tinkangowatchula kuti a Mageji. Ine ndimamata matayala moyang'anizana ndi geti lawo, ndiye sindikukuuzani zongomva ayi.

Galimotoyo anaitola ili chiphakasa, udzu utamera m'kati, n'kuikonza okha mpaka munthu umatha kupesa tsitsi ukudziyang'anira pachitseko. Injini inkalira mofatsa, osakhosomola. Mageji akale enieni anawapeza onse, ya liwiro, ya oilo, ya kutentha kwa injini. Inavuta ndi ya mafuta yokha. Pamalo pake panangotsala bowo.

"Bambo, m'sitolo mageji ali mbwee," ndinawauza tsiku lina. "Gulani imodzi, tiione galimotoyi ikuyenda."

"Iwe, mayi ako atathudzuka diso, ungawaike la mbuzi?"

Ndinabwerera ku matayala anga.

Geji ukawabweretsera, ankaigogoda ndi chikhadabo, kuiika kukhutu, kenako kuinunkhiza kumbuyo. Ankati yeniyeni kamuvi kake kamanjenjemera, pomwe zamakonozi kamangoima njo ngati msilikali. Galimoto yakale iliyonse ikaima mumsewu, mutu wawo umakhala utalowa kale pawindo. Mayi wina anafika pokuwa kuti wakuba.

"Pepani mayi, sindine wakuba, ndimangoona geji yanu," anatero a Mageji. "Ndipo anakuberani kale, iyi ndi yachinyengo."

Akazi awo ankati anakwatiwa pamitala, mkazi mnzawo amagona m'galaja ndipo ndi wa diso limodzi.

Tinkaseka, koma nkhani inafika povuta. Mwana wawo wamkazi womaliza anapeza banja, ndipo a Mageji anali atamulonjeza ali kamwana kuti tsiku la ukwati wake adzamutengera kutchalitchi pa galimoto imeneyo.

"Ababa, galimoto ina sindikwera," anatero mwanayo. "Yanu ikapanda kutuluka, ndipita wapansi."

Koma abale, munthu anaonda! Anazungulira magalaja onse, kulikonse kotayirako galimoto zakufa anafikako, osaipeza. Mlungu wa ukwati ndinawaona akuchokera kusitolo atanyamula kabokosi ka geji yatsopano, nkhope ili ngati akuchokera kumaliro. Ndinawamvera chisoni, moni weniweniyo ndinalephera kuwapatsa.

Mawa lake akazi awo, omwe ankawameta okha masiku onse, anawathamangitsira kwa wometa tsitsi kuti akaoneke ngati bambo wa mkwatibwi. Ali pampando, anaona pagalasi kanthu kozungulira katapachikidwa pakhoma kumbuyo kwawo. Analumpha mutu utametedwa mbali imodzi.

"Ichi mwachitenga kuti?"

"Wotchi yakufa iyo, anandisiyira malemu bambo anga. Ili ndi muvi umodzi wokha, sinanenepo nthawi."

A Mageji anaigogoda, anaimvetsera, anainunkhiza, misozi n'kuyamba kutsika. Anathamanga nayo mumsewu nsalu yometera ikadali m'khosi, wometa ali pambuyo ndi lumo.

Tsiku la ukwati geti linatseguka, galimoto inatuluka, msewu wonse unaimba m'manja. Ine ndinawanong'oneza a Mageji kuti tithireko mafuta.

"Ulibe maso? Kamuvi kali pa theka."

Sitinapite patali. Galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima, kamuvi kakadali pa theka pomwepo. Tonse mitima inali m'mwamba. A Mageji anatsika, anathyola kamtengo n'kukapisa m'thanki. Kanatuluka kouma gwa. Ife timati munthu akomoka, koma tinangoona nkhope ikuwala.

"Ndi yeniyeni!" anafuula. "Zoyambirira zonse zinkanama chonchi! Zikafika pa theka zinkakakamira!"

"Mukusangalala?" anatero akazi awo, chikwama chili m'mwamba. "Mkamwini akudikira kutchalitchi, inu mukuvina pamsewu?"

Amalume a mkwatibwi anabweretsa galimoto yawo yatsopano pafupi, chitseko chili chotsegula. Mkwatibwi sanaiyang'ane n'komwe.

"Ababa, lowani muwongolere," anatero. "Enanu kankhani."

Ndiye tinakankha, anthu ovala masuti, thukuta lili kamukamu, wometa tsitsi akutukwana chapansipansi. Tinafika mochedwa kwambiri moti mkwati anali atayamba kuganiza kuti amuthawa. Koma mkwatibwi anatsika pa galimoto ya bambo ake, monga analonjezedwa.

A Mageji anatisiya chaka chotsatira, atadwala masiku ochepa. Pamaliro ndinamupepesa mwana uja kuti ukwati wake tinauchedwetsa ndi kukankha kwathu kwa ulesi.

"Musapepese, achimwene," anandiyankha. "Galimoto ija ikanayenda, tikanafika ndisanalankhule nawo kalikonse. Koma njira yonse ija dzanja limodzi linali pa chiwongolero, lina atandigwira, akundiuza mmene ndinalili ndili khanda. Chibadwire sindinakhalepo ndi ababa nthawi yaitali choncho. Ndinkangopemphera kuti mutope msanga, muzikankha pang'onopang'ono."

Masiku ano mumsewu mwathu muli zii. Galimoto zakale zimaima, eni ake n'kugula zogulazo, n'kumapita popanda wowaimitsa. Ine ntchito ndikugwira, matayala akubwera, koma munthu wokangana naye ndilibe. Ndimawasowa bambo aja, ndipo sindichita manyazi kunena.