Malonje a Mlendo wa ku Koreya

Lolemba

Mlendo akadali m'nyumba mwathu. A Kimu, mmisiri wa ku Koreya, amene abwana anawaitanitsa kuchokera ku Beira kudzamanga makina atsopano opotera masamba a tiyi. Kunyumba za azungu ati si mzungu. Kwa Amwenye ati si Mmwenye. Basi, kwa ine wothira oyilo m'fakitale, poti ndili ndi kachipinda kosungira chimanga.

Munthu wabwino. Amasesa yekha. Amawerama popereka moni, ngakhale kwa Feliya, kamwana kathu ka mamina.

Vuto ndi amake Feliya. Ati munthu walowa m'nyumba osapereka malonje: sananene kwawo, amene wawasiya, njira waiyenda bwanji. "Atafera muno, uthenga mukatumiza kwa yani? Mutu mukalozetsa kuti?" Ndayankha kuti safa. Ati kodi ndine Mulungu?

A Kimu akuchoka Lamulungu. Ndalonjeza kuti malonje amveka asanachoke. Ine ndi munthu wa ziyankhulo:
Chinyanja.
Chilomwe.
Chingerezi cha kufakitale.
Chipwitikizi (zotukwana zokhazokha, komabe).
China chingandikanike?

Lachiwiri

Chikundikanika. Ndayesa Chilomwe mokuwa, a Kimu angowerama. Chingerezi chawo ndi sipanala, bawuti ndi sitopu. Malonje a sipanala amake Feliya sangalandire.

Koma nzeru yabwera ndikuthira oyilo! A Kimu akamavomera amati "ne". Winanso ndani amati "ne"? A Yani, Mgiriki wa sitolo ku Luchenza! Ndinawamva ndi makutu angawa akuyeza mchere: "Ne, ne." Onse awiri anadzera panyanja yamchere, onse anatsikira ku Beira. Mlomwe ndi Mnyanja akatchera khutu amatolerana mawu, ndiye Chigiriki ndi Chikoreya chiletsa n'chiyani? N'zapachibale izi.

A Yani amadziwa Chinyanja, chokhotakhota koma chimafika. Ndiye Mgiriki amve Mkoreya, ine ndimve Mgiriki, amake Feliya amve ine. Yatha nkhani!

Amake Feliya: "Ine kumva inu? Kuyambira liti?"

Lachitatu

Mmawa ndikuloza zinthu, a Kimu akutchula. Nditaweruka ndabwereka njinga ya akapitawo, liwiro ku Luchenza, a Yani nawo atchule.

Madzi: Mgiriki "nero", Mkoreya "mul". Ayi.
Moto: "fotiya", "pul". Ayinso.
Mayi: "mana", "omoni". Pang'ono, ukatsinzina.
Tiyi: "tsayi", "cha". Eee! Ndinanena ine!

Malembo okha ndiye akundidetsa nkhawa. A Yani alemba pa pepala la shuga tizinthu tonga mbedza ndi makasu. A Kimu awo ndi timabokosi ndi timazira. Kayankhulidwenso n'kosiyana. Mgiriki amayankhula ndi manja, nsidze, mimba yomwe, ungati pali ndewu. Mkoreya manja ali phee pamawondo, mawu aliwonse kuthera "da". Koma nanga pachibale salekana? Ine ndi achimwene anga a ku Mphuka tikufanana pati?

A Yani aseka mpaka kutsokomola. "Koreya ameneyo ali kuti, bwanawe?" Komabe avomera kubwera Lachisanu. Ati munthu wodzera panyanja ndi m'bale.

Pobwerera tayala laphulika, mvula yayamba. Ndakankha njinga mpaka kuesiteti. Akapitawo sakundiyankhula.

Lachinayi

A Kimu sanadzuke. Thupi moto, mano akugundana. Malungo.

Ndathamangira kwinini. Amake Feliya akoleza moto. Aphika phala la madzimadzi, akuwapukuta pamphumi ndi kansalu konyowa. Wodwala akubwebweta: "Omoni, omoni." Limenelo ndikulidziwa! Akuitana mayi awo! Ndauza amake Feliya, chifuwa patsogolo.

"Feliya nayenso wamva zimenezo, ndipo sanapite ku Luchenza."

Ndinene zoona, mantha andigwira. Munthu kudzafera pa mphasa yanga, ine osadziwa ndi dzina la mudzi wake lomwe? Ndakafunsa abwana kuti Koreya kuli mbali iti. Aloza kuphiri la Mulanje, kenaka akanda mutu, dzanja lija lasunthira kwina. Manda sitikumba ndi mwina.

Lachisanu

A Yani afika ndi buledi ndi kabotolo ka mankhwala akwawo konunkha koopsa. Laini yonse ya nyumba za antchito yadzaza pakhomo, poti ndinalengeza. Ndinalengezeranji, pakamwa ine?

A Yani akhala pampando, Chigiriki chayamba, manja m'mwamba. A Kimu ali gone pamphasa: "Ne."
A Yani: "Ne?"
A Kimu: "Ne."

Zikuyenda! Ndayang'ana amake Feliya kuti aone mwamuna amene anakwatiwa naye. Zapitirira choncho, uyu ne, uyo ne. Ndafunsa kuti akuti chiyani.
"Akuti eya."
Eya chiyani?
"Kaya. Inenso ndikungoti eya."

Ndiye chibale chonse cha Chigiriki ndi Chikoreya ndi chimenechi: eya, ndi tiyi. Tawapatsa tiyiyo, amwa. Anthu amwazikana akugwira nthiti. Ana andipatsa kale dzina, ati a Nene. Manyazi andigwira mpaka kumapazi.

Potsanzika a Yani sakuseka. Ati iwonso chifikireni kuno palibe anawafunsapo malonje, anthu amangofunsa mtengo wa mchere. Amake Feliya awayang'ana nthawi yaitali. "Mubwerenso mawa, bambo."

Loweruka

Malungo atsika, Mulungu ngwabwino. A Kimu atulukira pakhonde, ofooka ngati mwanapiye wonyowa. Ine ndagonja. Ndanena poyera kuti amake Feliya, ndalephera, malonje kulibe.

Amake Feliya adzuka. Ayala mphasa yatsopano, atunga madzi m'chikho, apatsa a Kimu. Akhala chapatali, awomba m'manja, nayamba malonje athu iwo, m'Chilomwe: kuno tadzuka, mvula yayamba bwino, mbuzi yathu inafa, Feliya anadwala chifuwa koma wachira. Atha. Akudikira a Kimu.

Ndikufuna kunena kuti a Kimu samva zimenezo. Diso la amake Feliya landitseka pakamwa.

A Kimu ayang'ana madzi, ayang'ana mphasa. Kenaka ayamba. Abale! Munthu ndinkayesa ali ndi mawu awiri okha m'mimba! Akuyankhula, akuyankhula, manja aja achoka pamawondo. Aloza kutali. Aonetsa msinkhu wa mwana, wofika m'chiuno. Agwedeza thupi ngati sitima ya pamadzi. Pena aseka. Pena apukuta misozi.

Amake Feliya: "Eya." "Ooo." "Pepani, pepani." "Kalanga ine!" Lililonse likugwera pamalo pake penipeni, sindikudziwa bwanji. Akulira onse awiri. Ine wa ziyankhulo zinayi ndaima pambali, ndagwira chikho.

A Yani afika zili pakati, avula chipewa, akhala pansi pamphasa osati pampando. A Kimu atatha, iwo ayamba awo. Chinyanja amachidziwa, koma ayi, m'Chigiriki. Kamvekedwe n'kosiyana monga kale, wina mvula yamatalala, wina yowaza. Misozi yokha ndi imodzimodzi. Nane yanditsika, ndanamizira utsi.

Lamulungu

Galimoto ya kampani yabwera kudzatenga a Kimu. Kamba wa panjira: chinangwa, nthochi, ndi tambala wanga wofiira, wowotchedwa ine osafunsidwa. A Kimu awerama kwa amake Feliya mpaka chipewa kugwa. Kwa ine agwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Ne," ndatero ine. Nanga n'kutinso chiyani?

Galimoto itapita ndafunsa: tsono dzulo ananena kuti chiyani?

"Munalipo, bambo a Feliya."

Ndinalipo, koma sindinamve!

"Amayi anga atawoloka Ruo anali ndi Chilomwe chokha. Anapereka malonje kwa Amang'anja, palibe anamva ndi liwu limodzi. Anawawombera m'manja, nawalozera pomanga nyumba. Inu mumafuna kumva, ine ndimafuna anene."

Chabwino. M'kachipinda mwabwerera chimanga. Akapitawo akufunabe tayala lawo. Dzina la a Nene lakakamira, ndi abusa omwe andiitana nalo pakhomo la tchalitchi. Mudzi wa a Kimu sindikuudziwabe, ngakhale dzina la kamwana kofika m'chiuno kaja. Koreya kumene sindikudziwa kuli mbali iti.

Feliya akuti kuli uko kwapita galimoto. Wakhala pamsewu kuyambira masana, sakufuna kudya.