Kiyi wa Chimbudzi cha pa Kiliniki Yathu

Kwa Bwana Wamkulu Woyang'anira za Chifuwa Chachikulu m'Boma Lino,

Ndagwada, bwana. Ndine Bizwell Mbewe wa kufupi ndi Mtenguleni. Sukulu ndinangoionera pawindo, ndiye akundilembera ndi mayi Dolika a kwaya, koma pakamwa ndi panga.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mapiritsi. Miyezi inayi tsopano, chifuwa chaleka kulira ngati chigayo. Mankhwala anu ngakhama, atatha adani sanafune kungopinda manja. Anesi athu a Vailet anatiphunzitsa kuti m'matumbo muli tizilombo tabwino tothandiza kugaya chakudya, ndipo mapiritsi amaphera kumodzi tabwinoto ndi toipa. Zaka makumi asanu ndi awiri ndakhala ndikuweta ziweto osadziwa, ndazidziwira pamaliro pake. Lero chimene ndadya chimangodutsa ngati basi ya ku Lusaka, osaima pasiteji.

Chachiwiri, ndithokoze lamulo loti tizimwera pa kiliniki m'mamawa, m'mimba mulibe kanthu, anesi akuona. Nzeru zimenezo. Mimba imayankha tisanatuluke pageti. Chimbudzi munatimangira chokongola, chopaka penti, ndipo kuti chisade munachikhoma. Kiyi akuti ali ndi a kalaliki, a kalalikiwo ali ku Chipata, kumaphunziro a zaukhondo.

Chachitatu n'cha mnzanga Ezekiel Zulu, amene tinayamba naye limodzi mankhwala. Tsiku lina pobwerera, mimba inamutsegukira ali pa njinga ya hayala, pakati pa msika, mpongozi wake, mkazi wa mwana wake, akugulitsa tomato pomwepo. Ezekiel, Mngoni wovina ingoma pa mwambo wa Ncwala, sanapondenso pa kiliniki. Akuti bola kutsokomola. Inu mwamulemba kuti wothawa mankhwala. Anesi akuti chifuwa chikabwerera chimatha kudza chosamva mapiritsi, ndipo m'nyumba mwake mumagona adzukulu atatu.

Ine yanditsalira miyezi iwiri. Ndikufuna kumaliza, bwana, koma nanenso ndili ndi apongozi.

Tizilombo tatsopano sindikupempha, ndikudziwa boma lilibe khola lake. Chithunzi cha yogati, mkaka wobwezeretsa tizilomboto, chomwe munapachika pakhoma pa kiliniki timachiyang'ana ndithu, ndipo timakhuta. Ndingopempha chilolezo. Tamva kuti ku ofesi kwanu chimbudzi sichikhomedwa. Mutilole Lolemba, tikangomeza mapiritsi, odwala tonse khumi ndi anayi tikwere basi tidzakuchezereni. Tikalephera kufika mpaka mkati mudzatikhululukire, koma pakhonde panu pokha tidzayesetsa kufikapo.

Ine wanu wosatha kukhala pampando nthawi yaitali,
Bizwell Mbewe