Tiyi wa apongozi ndi makapu ozungulira

Nkhani iyi sindinawauzepo azimayi anzanga a kutchalitchi, ngakhale ndikuona mmene amandiyang'anira kuti anaimva kale. Amuna anga sasunga chinsinsi.

Apongozi anga anabwera kudzationa kuno ku Perth mu Januwale, nthawi imene dzuwa limawotcha ngati munalilakwira. Kwawo ndi ku Thyolo, ndipo anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana. Tiyi amamudziwa. Ikakwana teni koloko asanamwe wotentha, wamkaka, mutu umawagwira ndipo amangoti zii. (Iwo akakhala chete, ine ndimayamba kukumbukira machimo anga onse.) Tinali tisanakhalepo nyumba imodzi, choncho ndinkafunitsitsa aone kuti mwana wawo sanakwatire chitsiru.

Loweruka lina amuna anga, bambo a Tadala, anati tikawaonetse malo amasewera aja okhala ndi makatungwe akuluakulu ndi maiwe osambiramo. Ndinalawira kuphika tiyi ndi masamba amene amayiwo anabwera nawo, ndinathira mufulasiki. Ndinanyamula matewera, zipewa, mandasi, mwana. Fulasiki inatsala patebulo kunyumba kwathu ku Ellenbrook.

Titalowa, bambo a Tadala anathamangira kumadzi ndi mwana, ife awiri tinakhala pamthunzi.

"Amake Tadala, tatithirireniko kaja," anatero amayi.

Ndinapisa m'chikwama kawiri, katatu, ngati fulasiki ingabisale m'thewera.

"Ndikubwera, amayi. Muno muli malo a tiyi wabwino kwambiri, ndikufuna mulaweko wa kuno."

Bodza lenileni. Malowo ndinali nditangowaona tsiku lomwelo.

Pogulitsira poyamba panali ayisikirimu ndi zakumwa zozizira zokhazokha, zofiira ndi zobiriwira. Pachiwiri panali makina a khofi ndi chikwangwani cha maina ambirimbiri, palibe limene ndinalidziwa. Ndikanafunsa. Koma Chingerezi changa ndi cha Sitandade 6, ndipo mzungu akangondiyang'ana m'maso chimathawa n'kundisiya ndekha. Ndinangodutsa ngati ndili ndi kwina kopita.

Kenako ndinaona pamwamba pa mpanda tipoti yaikulu yojambulidwa bwino, ikuthira tiyi m'kapu. Pansi pake panali mzere wautali wa azimayi ndi ana awo. Mtima unakhala pansi. Ndinati anthu sangafole chonchi padzuwa ili chifukwa cha tiyi woipa.

Mzerewo unkayenda pakati pa zitsulo, kukhota uku, kukhota uko. Kukuwa ndinkakumva ndithu, koma m'malo amenewo paliponse anthu amakuwa. Nditakhota komaliza ndinangoti kakasi. Makapu analipodi. Kapu iliyonse inali ngati bafa, ndipo m'katimo munali anthu, akuzungulira ngati chimanga m'chigayo.

Ndinacheuka kuti ndibwerere. Kumbuyo kwanga kunali khamu, njira yopapatiza, ndipo ndikanayenera kupepesa kwa aliyense mmodzimmodzi. Ndili mkati moganiza, mtsikana wa pakhomo anatsegula kageti, anandimwetulira, anafunsa ngati ndili ndekha. Ndinagwedeza mutu. (Inde, ndinavomera. Musandifunse.) Anandilowetsa m'kapu imodzi ndi bambo wina wandevu zofiira ndi ana ake aakazi awiri.

Pakati pa kapuyo panali chiwongolero. Sindinkadziwa kuti ukachipotokola kapu imathamanga kwambiri. Bambo uja ankadziwa. Ana ake akukuwa kuti awonjezere, iye n'kumawonjezeradi, thukuta kamukamu ngati akulipidwa. Ine dzanja lina pachitenje, lina pachitsulo, mpango wa kumutu unapita sindikudziwa kuti. Ndinayamba pemphero koma linathera pa "Mayo ine, ndafa!" Bamboyo anaganiza kuti ndikusangalala, anandikwezera chala chachikulu.

Nditatsika ndinayenda ngati wochokera kumowa. Komabe amayi anali asanamwe tiyi. Ndinabwerera pa makina a khofi paja, ndipo popeza manyazi anali atathera m'kapu muja, ndinangoloza bokosi la timatumba ta tiyi. Wogulitsa anandipatsa kapu yapepala, madzi otentha, kathumba kakuyandama, ndi kadontho ka mkaka.

Tsono kwathu apongozi sitiwapatsa chinthu chiimirire. Nditafika pamthunzi paja ndinagwada pasimenti, ndinapereka ndi manja awiri. Amayi analawa kamodzi.

"Awa ndi madzi otsukira makapu," anatero. "Nanga mpango uli kuti? Dzukani, anthu akutiyang'ana."

"Sindingathe, amayi. Pansi pakuyenda."

Ndinakhala chigwadire, mutu uli pansi, manja atagwira simenti. Kwa azungu, mzimayi wogwada padzuwa lotere ndiye kuti wakomoka. Wantchito wina analankhula pa wailesi yake yam'manja, ndipo posakhalitsa anthu awiri ovala mayunifolomu anafika ndi mpando wamatayala. Mmodzi ankandipemerera, wina ankandifunsa dzina langa ndi tsiku la lero. Anandikankha pakati pa anthu onse aja, amayi akutsatira pambuyo ndi chikwama cha matewera.

M'chipinda cha odwala munali kozizira bwino. Nesi wake, mayi wachikulire, anandiyeza, anandipatsa madzi, kenako anafunsa ngati tingamwe tiyi. Anali ndi ketulo yake ndi kachitini ka masamba enieni. Anaphika wakuda bii, mkaka wokwanira, shuga osaumira. Amayi anamwa, anatseka maso, anapereka kapu kuti awonjezeredwe.

Atatha yachiwiri anasendera pafupi, nkhope ikuwala, n'kundinong'oneza.

"Mwana wanga, chizungulire chimenechi ndikuchidziwa. Ndi miyezi ingati? Bwanji osandiuza?"

Apo ndiye ndinafuna kukomoka zenizeni. Kunena zoona, ndinaganizako zongovomera, zina tidzaona kutsogolo. Koma bambo a Tadala anali atangolowa, madzi akuchucha, maso ali tong'o atamva funsolo. Ndinaulula zonse: fulasiki, tipoti, mzere, bambo wandevu.

Amayi anaika kapu yawo pansi.

"Munalowa m'kapu? Inu amene?"

"Eya, amayi."

"Chifukwa cha tiyi wanga?"

"Eya, amayi."

Anayamba kuseka pang'onopang'ono, mapewa okha akugwedera, kenako kunatuluka misozi mpaka nesi anabwera kudzaona ngati wodwala wasintha. Atapuma anandigwira dzanja. "Koma mwandipezera tiyi," anatero. "Njira yake yokha ndiye yaitali."

Kuyambira tsiku limenelo amayi anamasuka nane, mpaka anandiphunzitsa kudziwa masamba abwino powanunkhiza. Bambo a Tadala amati phunziro lake n'losavuta: ukasochera, funsa. Ndimavomera. Koma sabata yatha ndinakwera sitima yolakwika n'kukatsikira ku Midland, kutali ndi kwathu, ndipo ulendo wonsewo ndinakhala pafupi ndi mayi wina wankhope yabwino, amene ndithu akanandiuza ndikanangomufunsa.