Phiri la Dona m'chipinda cha nthunzi

Lolemba
Anditumiza kunyumba kwa bwana kukapereka makiyi a shedi. Chitseko chotsegula, maso anga mkati. Mayo ine! Chipupa chonse zithunzi, zojambula ndi dzanja la munthu. Akavalo. Nyanja yokwiya. Mzungu wandevu wondiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Zaka zonsezi ndikusankha fodya pa pulazi ino ya ku Concession, kuno kudziko la Ashona, Chitaganya chandipeza pompano, ndimati mitundu ndinaimaliza. Kani ndinali mwana.

Dona, akazi a bwana, akutaya chimodzi, ati chapindika ndi dzuwa. Phiri lobiriwira, mtambo pamutu. Ati n'lakwawo kutsidya kwa nyanja. Bodza! Ili ndi phiri la Dedza, lomwe ndinalisiya kumbuyo pobwera kuno wapansi. Ndapempha. Andipatsa.

Lachiwiri
Nanenso ndikhala ndi chipupa changa. Ndalengeza ku shedi kuti Lamulungu, tikatuluka m'tchalitchi, komboni yonse ibwere idzaone Dedza.
Chuma changa:
- phiri
- kalendala ya chaka chatha ya kusitolo kwa Mmwenye, pali sitima yapamadzi
- chivundikiro cha chitini cha mabisiketi, pali kagalu

Ndazisankha ngati fodya. Phiri ndi tsamba lapamwamba. Sitima lapakati. Kagalu ndi zinyenyeswa. Foromani wathu, Mshona, amene amanditchula sekuru, agogo m'chilankhulo chawo, akuseka: "Sekuru, mwasanduka bwana?"

Lachitatu
Kagalu kapita. Anambewe, akazi anga, avundikirira nyemba pamoto, kada bii. Ati chivundikiro ntchito yake n'kuvundikira. Sindidandaula, kanali ka giredi yotsika.

Koma phirili! Ukaliyang'ana nthawi yaitali limayamba kukuonetsa zinthu. Lero ndapeza kanjira komwe amayi ankatsikira ndi nkhuni. Dzulo kanalibepo. Kodi Dona anakadziwa bwanji?

Lachinayi
Sitima yapita. Alamu anga abwera kudzacheza, pepala lopichira fodya alibe. Pobwera ku shedi ndapeza atasuta theka, kuyambira kumbuyo. Ati imakoka bwino. Ndawapatsa theka linalo amalize.
Latsala phiri. Likwana. Munthu wodziwa zinthu sachulutsa.

Lachisanu
Phiri likukana chipupa. Lapindika ngati mkeka, louma gwa. Nditi ndiliwongole, ngodya tswa!

Kenako ndaseka ndekha. Matenda awa ndiye anga. Tsamba likatuluka m'balani louma chonchi sulikakamiza, umalipatsa nthunzi lifewe, basi. Azungu kujambula amadziwa, koma kusamala tsamba atisiyire ife. Akanandifunsa, Dona sakanataya.

Loweruka
Ndalipachika pakati pa fodya m'chipinda cha nthunzi. Ndadikira monga ndidikirira tsamba labwino, osafulumira.
Latuluka lofewa, lowongoka ngati chitenje chosita. Pamenepo sindinalakwe.
Koma phiri! Likuyenderera. Kubiriwira kwalowa mumtambo, mtambo watsikira pansi. Nditi ndipukute ndi malaya, ndaonjeza kuononga. Kanjira ka amayi kapita.
Kani utoto wa Dona ngwamadzi. Palibe anandiuza.

Lamulungu
Abwera ndithu. Atchalitchi, agule, amayi ndi ana kumbuyo, khomo lonse thithithi. Pachipupa pepala limodzi lotuwa.
Foromani: "Phiri lija lili kuti, sekuru?"
Ine ndangoloza pepala lotuwalo.

Anambewe ayandikira. Ayang'ana, ayang'ana. Ati, "Ndi Dedza ameneyu m'mawa wa chisanu. Chifunga chokhachokha. Phiri sulionako, umangodziwa kuti lilipo."
Amuna akwathu avula zipewa. Mkulu wina wa ku Linthipe walozera pakati penipeni potuwa, ati mudzi wawo uli apo. Foromani wasuzumira, sanaonepo kanthu, wapita.

Ine ndinalifuna looneka, ndi kanjira kake. Kaya. Kwa Dona sindikapemphanso. Likhale pomwepo, ndiziliyang'ana m'mawa popita ku shedi. Kwathu chifunga chimachoka dzuwa likakwera.