Matiresi a pa Ngolo

Anzanga, chidwi chidzandipha ine. Mumvetsere zimene zinandigwera ku Lundazi Boma.

Msana unkandivuta, ndiye mkazi wanga anati tikagulitsa fodya ndikagule matiresi. Mnzanga wa ku Kasungu amene timalima naye ku Mphamba anandilangiza kuti matiresi sayesa ndi chala ngati papaya. Umagwadapo kaye, bondo likakhudza pansi ndiye kuti ndi ofewetsa. Kenako umagona chagada n'kulowetsa dzanja kunsi kwa msana, likalowa mosavuta kwambiri ndiye kuti ndi olimbitsa.

Ndafika pasitolo, matiresi onse aimikidwa kukhoma, ali m'mapepala awo. Munthu ungagone bwanji pa chinthu choimirira? Koma panja pomwepo panali ngolo ya ng'ombe, m'kati mwake mwayalidwa matiresi atsopano, a mtundu womwe ndinkaufunawo. Mwini wake sankaoneka. Ndinati aa, ndingoyesako pang'ono, ndalakwira ndani?

Ndinakwera. Bondo, bwinobwino. Ndinagona chagada, dzanja kumsana, ndikumvetsera. Ndiye ndinangomva "Tiye!" ngolo n'kunyamuka! Mwini wake anali kutsogolo akukoka ng'ombe, osatembenuka.

Munthu wanzeru akanafuula. Koma ine ndinakumbukira kuti kutsogoloko kuli maenje, ndiye ndinati dikira, ndione ngati msana umve kugunda. Dzenje loyamba, sindinamve kanthu. Lachiwiri, zii. Ndinati ee, matiresi ndi awa!

Ndikusangalala choncho, ndinaona aNyaZimba, amayi a kutchalitchi kwathu, akubwera ndi dengu pamutu. Ndiwauza kuti chiyani? Ndinatseka maso, manja pachifuwa, kuti mwina angodutsa.

Kudutsa kuti? Dengu pansi!

"Mayo ine! Adada aBanda! Imani, imani, mwanyamula munthu wathu!"

Ng'ombe zinaima. Mwini ngolo, bambo wamkulu ndithu wa ku Kapichila, anasuzumira n'kuti, "Uyu walowa liti? Kapena anamva chizungulire n'kudzigoneka, wosauka." Inu, m'malo mondikalipira, anandifunditsa jekete lake n'kutembenuza ngolo kulunjika kuchipatala. ANyaZimba pambuyo akupemphera mokweza, anthu akuwonjezekera, wina akundikupiza ndi chipewa. Pamenepo ukanakhala iwe, ukanadzuka n'kunena kuti ndimangoyesa matiresi?

Kuchipatala anandinyamula anthu anayi. Namwino anandiyeza magazi n'kupeza akuthamanga kwambiri. Akanalekeranji, ndi mantha amenewo? Anandiuza kuti ndichepetse mchere. Mkazi wanga anafika panjinga yamoto, chitenje chili pambali, maso ofiira. Nditamunong'oneza zoona zake, anangoti, "Mchere mwauleka ndithu. Ndipo mukhale chete, musandichititse manyazi."

Lamlungu kutchalitchi analengeza kuti m'bale wathu amene anatoledwa ali chikomokere wachira, abwere kutsogolo achitire umboni. Nthungululu! Ndinapita kutsogolo, aNyaZimba akupukuta misozi pabenchi loyamba. Abusa anandifunsa kuti, "M'bale, pamene munali gone pa ngolo paja, pakati pa moyo ndi imfa, munamva chiyani?"

Kunama m'nyumba ya Mulungu sindikanatha. Ndinati, "Abusa, sindinamve ngakhale dzenje limodzi."

Mpingo wonse: "Aleluya!"

Kuyambira tsiku limenelo, chinthu cha mwini chokhala ndi mateyala sindigonapo, olo chifewe bwanji.