Lekani Kusambira

Lolemba

Sabata yanga yafika! Lachisanu a PEA, mayi amene amayendera masukulu a dera lino, akubwera kudzaonerera phunziro langa ku Sitandade 7. A Hedi, bambo Mhango, andiuza mosapita m'mbali: zikayenda bwino kalasi ndi yanga, zikavuta ndipita ku Sitandade 1, komwe mphunzitsi wake akupita kutchuthi cha uchembere.

Sitandade 1! Ndinalowako tsiku lina kukabwereka choko, ndinatuluka ndi mamina pasiketi. Ine sindinachoke ku Ntchisi kudzamanga makabudula a ana a eni.

Mutu ndasankha kale: likodzo. Kwatentha, ndipo ana anga akangoweruka amakakhamukira kudambo la kumunsi kwa Mchengautuwa ngati achule. M'mawa amabwera maso ali psuu, khungu lili mbuu.

Zofunika:
pepala lalikulu (lilipo limodzi lokha, ndapempha ku ofesi mogwada)
cholembera chofiira
nkhono m'botolo, aione ndi maso
nyimbo
diresi la buluu lija, lisitidwe

A Hedi akuti, "Lembani m'Chingerezi, madamu." Ndakana mwaulemu. Uthenga wa zaumoyo uyenera kufika mpaka kwa makolo. Ndalemba zilembo zikuluzikulu: KUSAMBIRA KUMABWERETSA LIKODZO. LEKANI KUSAMBIRA!

Ndabwerera m'mbuyo kuliyang'ana. Koma ndiye ndili ndi dzanja.

Lachiwiri

Phunziro la lero, ha! Chibwerereni ku Mzuzu kuno sindinaone ana akumvetsera chonchi. Ndangopachika pepala, kalasi yonse zii, kenaka m'manja! Ena mpaka kuimba mluzu.

Ndafotokoza zonse: tizilombo timakhala mu nkhono, timalowa pakhungu, munthu n'kuyamba kukodza magazi. Nkhono ya m'botolo sinawasangalatse. Maso onse ali papepala.

Tawonga, monita wa kalasi, mtsikana wosaseka wamba, wakweza mkono. "Madamu, ndiye kuti tisiyiretu kusambira?" Ndati eya. "Ngakhale makolo atikakamize?" Ndati makamaka akakukakamizani! Kholo lanji lokankhira mwana ku matenda? Walemba m'kope mawu anga onse n'kundipempha ndisayine pansi. Ndasayina. Mwana wakhama.

Nyimbo aigwira kamodzi kokha:
Kusambira n'koopsa, ine ndaleka!
Aimba potuluka, aimba pamsewu, ndawamva mpaka pokwerera njinga.

Amene amati ana a m'tauni ndi ovuta sadziwa kuphunzitsa, basi. Ndikugona ndi mtima woyera.

Lachitatu

M'kalasi muli mabenchi.

Ana amene abwera sakukwana ndi timu ya mpira. Onse ndi a kwathu ku chigawo chapakati, ana a apolisi ndi a manesi. Tawonga kulibe. Ndafunsa ngati kuli maliro. Akungoyang'anana.

Pa buleki mayi Gondwe a Sitandade 5 alowa, awerenga pepala langa, akhala pansi pabenchi. Aseka mpaka kutsokomola, mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ine chiimire.

Akuti m'Chitumbuka kusambira ndi kuphunzira.

KUPHUNZIRA!

Ndiye kuti ine, mphunzitsi wa boma, ndalemba ndi cholembera chofiira kuti kuphunzira kumabweretsa likodzo. Ndaphunzitsa ana nyimbo yoti sukulu ndi yoopsa. Ndasayina!

Chondiwawa n'chakuti anawa Chichewa amachidziwa bwinobwino. Amatukwanirana m'Chichewa pabwalo, amaimba nyimbo za pawailesi osaphonya liwu. Dzulo lokha ndiye anasanduka Atumbuka enieni osamva chilankhulo china. Tawonga! Nkhope ngati ya mkulu wa mpingo!

Mayi Gondwe akuti, "Mukanafumba, mama." Inde, safunsa anadya phula. Ine ndadya ndi njuchi zomwe.

Diresi ndasita ndithu. Sindinagonje.

Lachinayi

Makolo. M'mawamawa, pakhomo la ofesi, ngati pachigayo.

Wolankhula kwambiri ndi bambo Chirwa, a ku Nkhata Bay, kalaliki wa kuboma, tayi ali pakhosi kutentha konseku. Abwera ndi kope la mwana wawo. Akuti, "Madamu, ine ndasambira m'nyanja, ndasambira kusukulu mpaka Fomu 4, zonse ziwiri. Sindinakodzepo magazi. Mwana wanga mukufuna azikagulitsa makala?" Mayi wina akuti wake wakana ndi kutsuka mbale komwe, akuti akuchira ku maphunziro.

Ndapepesa. Ndati yewo, yewo chomene, paliponse pamene pakuoneka kuti pakufunika mawu. Sindikudziwa ngati ndimathokoza kapena ndimapepesa. A Hedi amangoyang'ana chakumene kuli Sitandade 1.

Madzulo ndaganiza: minga ya pansi amaichotsa ndi minga inzake. Ndilemba m'Chitumbuka chawo chomwecho, tione pothawira. Mayi Gondwe sindiwafunsa, andiseka kokwanira. Ndafunsa wa kabaza amene amandinyamula kupita ku Chiputula, tili pachitunda, iye ali wefuwefu. Ndati kulowa m'madzi muja anthu amachitira kumtsinje mumati chiyani? Akuti, "Kugeza, mama."

Ndatembenuza pepala lomwe lija, poti lina kulibe. Ndimafuna kulemba kuti lekani kugeza m'dambo, koma cholembera chauma nditangomaliza mawu awiri. Palibe kanthu. Uthenga wabwino ndi waufupi.

Ndadutsanso kusukulu kukalipachika, ana a masewera aliona. Uthenga ufika wokha, anawa pofalitsa nkhani ndi akatswiri.

Lachisanu

Sindikudziwa poyambira.

Zabwino: ana abwera onse. Makolo awaperekeza ndi zikoti.

Zoipa: zina zonse.

Ndikulowa m'kalasi ndi diresi langa la buluu, fungo n'kundibweza pakhomo. Fungo la mbuzi yonyowa. Mitu yosapesa, manthongo m'maso, miyendo ngati agona m'phulusa. Akhala mwaulemu, manja pamabenchi, akumwetulira ngati angelo.

A PEA alowa, anena monire, akhala kumbuyo. Posakhalitsa asuntha mpando kufupi ndi zenera. Kenaka atulutsa kampango n'kutseka mphuno. Kenaka awerenga pepala: LEKANI KUGEZA!

Afunsa monita chifukwa chake kalasi ikununkha. Tawonga waimirira, manja kumbuyo. "Madamu ŵatikanizga kugeza." Mawuwo ngakhale ine ndawamva: ndawaletsa. Ndipo ndi pamene ndikuzindikira, mochedwa ngati mvula ya chaka chatha, kuti kugeza ndi kusamba. Kusamba wamba, kwa sopo ndi beseni!

Ndayesa kupulumutsa phunziro ndi nkhono. Ndakweza botolo, mulibe. Yapezeka pambuyo pake ikukwera chikwama cha a PEA.

Ndiye mphepo yalowa pazenera limene atsegula okha, pepala lagwa chagada, mbali ya Lolemba ili pamwamba. Awerenganso. Ana, poona kuti mlendo wachita chidwi, ayamba nyimbo osauzidwa.

A PEA sanakalipe, bola akanakalipa. Angofunsa motsitsa mawu, "Madamu, mwaletsa kuphunzira, mwaletsa kusamba. Sabata yamawa muletsa chiyani, kudya?"

Ndalira m'chimbudzi cha aphunzitsi. Ndachita manyazi osasimbika. Potuluka ndasamba m'manja ndi sopo, wina aliyense asanene kuti sinditsatira zimene ndimaphunzitsa.

Mayi Gondwe akuti mawu amene ndimafuna ndi kuskamba. Ndayesa kuwatchula, lilime lakana.

Loweruka

Kumsika. Ndikusankha mbatata, kumbuyo kwanga, "Mwatandala uli, madamu?" A Hedi, ndi jumbo ya usipa.

Akuti iwo alibe nane chifukwa. Akuti a PEA aona kuti ndili ndi mphatso yoti ana amachita chilichonse chimene ndanena, ndipo mphatso yotere ikufunika kwa ana aang'ono. Lolemba ndikayambe ku Sitandade 1. Akuti ndibwere ndi chitenje chakale.

Mbatata ndazisiya pomwepo.

Potuluka mayi wina wa tomato wandikoka dzanja. Ndi mayi ake a Tawonga. Ndakonzeka kutukwanidwa. Koma akuti Lachitatu lija, atajomba kusukulu, Tawonga anakokera mlongo wake kuchipatala, chifukwa wakhala akukodza magazi ndipo anyamata anzake amamuuza kuti ndiye kukula kumeneko. Amupeza ndi likodzo, amupatsa mankhwala. "Yewo chomene, asambizgi," akutero (asambizgi ndiye aphunzitsi), n'kundiwonjezera tomato.

Ndiye kuti kamtsikanako kanamva zonse kuyambira tsiku loyamba! Sindikudziwa ngati ndikapsompsone kapena ndikatsine khutu. Zimenezi mu lipoti la a PEA mulibe.

Lamulungu

Kutchalitchi alalikira za nsanja ya Babele. Ndikukhulupirira kuti wina anawauza.

Pobwerera ndadzera njira ya kudambo, sindikudziwa chimene ndimayembekezera. Ali momwemo. Theka la Sitandade 7, phuvu phuvu m'madzi a matope, makabudula ali pa udzu. Tawonga yekha wakhala pamtunda, wagwira mlongo wake malaya kuti asalowe.

Andiona. M'malo mothawa akundibayibitsa. Wina wakuwa, "Madamu, osadandaula! Tikusambira!"

Ndaima. Ndiwayankhe m'chilankhulo chiti?

Za mawa:
chitenje chakale
mipango iwiri
nsapato zosaterera
diresi la buluu libwerere m'sutikesi

Mayi Gondwe akuti ana a Sitandade 1 sadziwa Chichewa ngakhale pang'ono, ndipo sanamizira ngati akuluakuluwa. Akuti pofika Khirisimasi ndidzakhala ndikulankhula Chitumbuka ngati wa ku Rumphi, chifukwa tianato timakonza munthu mopanda chisoni.

Chabwino. Aliyense amayambira Sitandade 1. Mawa nanenso ndikukayamba kusambira.