Dayamondi za Mayi Gondwe

Ndagi! Nyenyezi zanga zimawala masana, koma zikaona moto zimalira misozi. Agogo amene anandilera ndi zilapi akanati mukalephera mundibaire ng'ombe. Ine ng'ombeyo sindikuifuna. Yankho ndikupatsani ulere, poti ndi nkhani ya manyazi anga.

Nditachoka kumudzi kudzayamba Fomu 1, ndinafikira kwa azakhali ku Old Town. Iwo ndi atelala, makina awo amakhala pakhonde kuseri kwa msika. Chiyambireni boma kusamuka ku Zomba kubwera kuno, malole akhala akungotsitsa makabati ndi mabanja, ndipo azakhali maso awo anali pa akazi a mabwana atsopanowa.

"Ndikangogwira mmodzi, enawo abwera okha," ankatero.

Mmodziyo anabweradi, Mayi Gondwe a ku Area 15, amuna awo ogwira ntchito ku Capital Hill. Anabweretsa nsalu yobiriwira ndi kapaketi ka timiyala. Atatikhuthulira patebulo, ine ndinasendera pafupi. Tina tofiira, tina toyera ngati madzi, kalikonse kosemedwa mbali zambirimbiri, kokhala ndi timabowo topisapo singano. Ankafuna kuti tisokeredwe kuzungulira khosi la diresi yovala ku party ya kuofesi Loweruka.

"Ikakhala bwino, anzanga onse ndiwatumiza kuno," anatero.

Ndinalephera kupirira. "Amayi, kodi zimenezi ndi dayamondi?"

Anaseka. "Eya mwanawe, za ku London zenizeni!"

Azakhali nawo anaseka. Amene sanaseke ndine ndekha. Ine ndinakhulupirira.

Sabata yonseyo mutu sunali panyumba. Azakhali akandituma kuwapatsira kamwala, ndinkayamba ndakalozetsa kudzuwa, n'kumadziona ndikutsika m'galimoto ku City Centre, khosi langa likuthwanima, apolisi akundichitira sawasha. Nyemba zinapserera ine ndili ku London.

Kenaka pakamwa panayabwa. Pampopi ndinauza atsikana onse kuti kwathu kuli dayamondi.

Esinati, mwana wa aneba athu, anatula ndowa. "Dayamondi pakhonde la atelala? Iwe, ndi pulasitiki ameneyo!"

"Nsanje basi!"

"Pulasitiki!"

"Aphunzitsi a Science anati dayamondi ndi yolimba kuposa chilichonse," ndinatero. Kenaka ndinawonjezera zangazanga: "Ngakhale moto siiopa."

Loweruka m'mawa azakhali anatsukuluza diresi kuti choko chichoke, n'kuiyanika panja. Ndiye mukudziwa, chovala choyanika panja sungamupatse munthu osasita, mphutsi zingamulowe m'thupi. Itauma, iwo ananyamuka kukagula ulusi.

"Usite kumunsi kokha. Pakhosi usayandikirepo, ndidzasita ndekha. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Ndinangoti akuopa kuti ndidetsa chuma cha eni ake.

Atangokhota, Esinati anatulukira ndi anzake a pampopi aja. Mayi ogulitsa mandasi pamsewu nawo anasiya beseni n'kubwera.

"Tabwera kudzaona dayamondi," anatero Esinati, manja m'chiuno.

Ndikanangowaonetsa basi. Koma ayi. Ndinadzaza simbi ndi makala, n'kuipukusa m'mwamba mpaka makala anafiira psu.

"Penyani bwino, mukauze ndi anzanu!"

Ndinaika simbi pakhosi penipeni, n'kukanikiza ndi manja onse awiri, ndikumwetulira ngati ndikujambulitsa.

Choyamba chinali fungo.

"Kukupsa chiyani?" anafunsa mayi a mandasi.

"Ndi makala chabe," ndinayankha, ndipo ndinakanikizanso!

Nditanyamula simbi, diresi nayo inanyamuka. Nditakoka, nyenyezi zanga zinatamuka ngati therere, zofiira ndi zoyera kusakanikirana, misozi ikuyenderera pansalu yobiriwira ija.

Esinati anagwa pansi ndi phwete. "Iphule, mwali! Dayamondi yapsa!"

Azakhali atabwera sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangokhala pansi pafupi ndi makina awo, ulusi uli m'manja, n'kuyang'ana diresiyo nthawi yaitali.

"Inyamule," anatero. "Ukanene wekha."

Tinayenda wapansi mpaka ku Area 15, iwo patsogolo ine m'mbuyo, malole a njerwa akutithira fumbi. Mayi Gondwe anatsegula chitseko tsitsi atamanga kale, kamwana kawo kakakazi katagwira chitenje chawo. Ndinagwada n'kutambasula diresi.

"Munati ndi za ku London," ndinanong'ona.

"Mayo ine! Ndimangocheza, mwana iwe!"

Ku party kuja anavala diresi yakale ya ku Zomba. Anzawo aja sitinawaone ndi mmodzi yemwe. Mpaka lero makina a azakhali akungosoka zigamba pa maovololo a anthu omanga nyumba, ndipo simbi yathu ili ndi banga lofiira kunsi limene lakana mchenga ndi phulusa lomwe. Ndikamasita yunifolomu yanga ndimaliona. Phunziro ndalitola mochedwa: akuluakulu akamaseka, yamba wafunsa chikuwaseketsa usanakoleze makala.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si Esinati ayi. Ndi kamwana kaja. Tonse tili pakhomo paja, iko kanayandikira, n'kununkhiza diresi, n'kukweza maso kwa amayi ake.

"Amama, kodi ku London dayamondi zonse zimanunkha ngati ndowa yopsa?"